Ndevu za Mlamba

Syokimau, Nairobi
12 Febuluwale 2022

Okondedwa achemwali a Eneles,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Ife kuno tilipo, kungoti alamu anu a Pauline akudandaula kuti ndege zikamatera, makapu amavina okha m'kabati. Kalatayi ndaitumiza pa kompyuta ya alangizi a zaulimi, Mayi Rosina, poti inu foni munaikana, mukuti imakuyabwani m'khutu. Iwo akusindikizirani papepala.

Achemwali, ndabwera ndi pempho. Kuntchito kwathu ku Westlands atipatsa pulojekiti yopanga kachipangizo koyezera kuthamanga kwa madzi m'ngalande za mthirira. Zoyezera zimene zilipo n'zodula, ndipo zikangomwa matope zimafa. Akatswiri masiku ano akubera nzeru kwa nyama. Mukudziwa kamzere kaja kamadutsa m'mbali mwa chambo, kuchokera kumutu mpaka kumchira? M'katimo muli timaubweya tosaoneka ndi maso, ndipo n'timene timauza nsomba mmene madzi akuyendera. Miyezi isanu takhala tikuyesa kutengera zimenezo, koma chilichonse chimene tapanga chikungogwira ntchito m'beseni la mu ofesi.

Dzana, ndili m'sitima yopita m'tauni, ndinakumbukira zikhomo zanu zija za mlaza zimene mumagawira madzi kusikimu, zimene anthu amazitcha ndevu. Ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ndinayandikana naye anasuntha chikwama chake. Ife tikuswa mitu ndi makompyuta, pamene achemwali anga anazipeza kalekale!

Chonde ndifotokozereni bwinobwino mmene zimagwirira ntchito. Munditumizirenso chikhomo chimodzi ndi buku lija mumalembamo tsiku ndi tsiku. Mnzanga Wanangwa amabwera ku Zomba pafupipafupi pa ntchito zake, adzakupezani mwezi wamawa. Zikatheka, dzina lanu lidzamveka mpaka kunja.

Ndine mlongo wanu,
Medson

Sikimu ya Nachitimbe, Zomba
20 Malichi 2022

Medson, mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi mlamu wanga Pauline. Kuno tili bwino, mpunga wayamba kutulutsa ngala ndipo mbalame zayamba kale misonkhano yake. Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kenaka ndinaiwerengeranso a Rosina ngakhale iwo ndi amene anaisindikiza. Lero injiniya wa ku Nairobi akufunsa nzeru kwa munthu amene anasiyira Sitandade 6! Ndinayenda ngati nkhanga tsiku lonse.

Tamvera tsono. Iwe unali kusukulu ku Blantyre chaka cha 2010 pamene akumtunda ndi akumunsi anatemana ndi makasu chifukwa cha madzi. Akumtunda ankati tatsegula geti, akumunsi ankati mwangotinunkhitsa. Panalibe wotsutsa mnzake, poti madzi alibe mchira woti uwagwire n'kuwaonetsa anthu. Tsiku lina ndikutsuka miyendo pansi pa kamlatho ka thabwa, ndinaona mlamba utaima duu, mutu utaloza kochokera madzi. Akatsegula geti kumtunda, ndevu zake zinkagonera m'mbuyo. Akatseka, zinkadzuka. Ndinakhala pamenepo mpaka nyemba zanga zinapserera kunyumba. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye ndinasema chikhomo, n'kumangapo timizere tisanu ta mlaza, kutalika kofanana koma kukhuthala kosiyana. Madzi akakhala ochepa amagoneka kowonda kokha. Akakwera amagoneka tiwiri, titatu, mpaka tonse. Kuyambira pamenepo munthu sanenanso kuti madzi ndi ambiri kapena ochepa. Amati lero kukubwera madzi a ndevu zitatu, ndipo aliyense amakadzionera ndi maso ake. Ngalande iliyonse imalandira ndevu zake pa nthawi yake, ndipo geti ndimatsegula ndine. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano, khasu silinatemenso munthu.

Koma pali chinthu chimodzi, ndipo umvetse bwino poti iwe n'kale lomwe unali wongothamangira kumapeto kwa nkhani. Ndevu zimanama ukapanda kuzisambitsa. Kukayamba kutentha, cha mu Ogasiti kupita m'tsogolo, ndere imamera pa ndevuzo, nkhono nazo n'kuikirapo mazira. Zikatero zimalemera, madzi amazikoka mosavuta, ndiye zimagona ngati madzi ndi ambiri pamene ndi ochepa. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndimayenda ngalande zonse zinayi ndi chitsononkho m'manja, kupukuta kandevu kalikonse. Zimenezi m'buku mulibe, poti munthu sulemba kuti lero ndasukusula.

A Wanangwa ndawapatsa chikhomo ndi buku. Bukulo udzabweze, Medson. Muli zaka khumi ndi ziwiri za moyo wanga, ndipo pachikuto ndinalembapo dzina langa ndi inki yofiira.

Ndine mlongo wako,
Eneles

Syokimau, Nairobi
9 Meyi 2022

Achemwali,

Moni nonse. Katundu wafika bwino, asante kwambiri. Abwana anga, Mayi Carol, atatsegula buku lanu anati manambala a zaka khumi ndi ziwiri osadumpha tsiku sanawaonepo ngakhale kuboma. Tapanga ndevu zisanu za pulasitiki, ndipo kutsinde kwa iliyonse taikako kachitsulo kamene kamamva ndevuyo ikapindika n'kutumiza nambala pa foni. Tikayerekeza ndi buku lanu, zikugwirizana.

Kalata yanu inatalika, ndinaiwerenga m'matatu, minibasi ya kuno, tili pa jamu ya magalimoto, ndiye nkhani za nyemba ndi zitsononkho ndidzaziwerenga bwino ndikapeza mpata. Chimene ndikufuna msanga n'chakuti mundiyezere kukula ndi kuya kwa ngalande zonse zinayi. Mayi Rosina ali ndi tepi.

Musadere nkhawa. Tsiku lodzaonetsa chipangizochi mudzakwera ndege, mudzakhala kutsogolo.

Medson

Sikimu ya Nachitimbe, Zomba
15 Januwale 2023

Medson,

Moni wa chaka chatsopano, ngati kumeneko chinafika. Miyeso ya ngalande ndinakutumizira mu Meyi momwemo. Ndinalembanso mu Ogasiti, ndinalembanso mu Novembala. A Rosina atopa nane, ndikangotulukira pakhomo la ofesi yawo amayamba kupukusa mutu ndisanapereke n'komwe moni. Kodi ukudwala? Kapena mwayambana ndi mlamu wanga? Nena, usandisiye ndikulota zoipa.

Buku langa ndikulifuna. Ndinagula lina, koma chaka chino mvula ikubwera mwachilendo ndipo ndikufuna kuona mmene zinalili mu 2015. Dzulo a Greyson, wapampando wa komiti ya sikimu, ananditsutsa pamaso pa anthu kuti ngalande yakumunsi sinalandirepo ndevu zinayi mu Januwale. Ndikanangotsegula tsamba, akanakhala pansi. Paja minda yawo yonse ili kumtunda.

Za ndege zija ndinauza amayi a kumvano, ndiye tsopano akumanditcha Nairobi. Ndinasoketsa ndi diresi lomwe. Lili m'sutikesi, likudikira.

Eneles

Syokimau, Nairobi
26 Novembala 2023

Okondedwa alamu,

Mwaswera bwanji kumeneko? Ndine Pauline. Pepani kuti sindilembalemba, alongo anu amati nkhani za kumudzi amasamala okha. Koma lero mtima wanga wadzaza, ndaba adiresi ya Mayi Rosina m'foni mwawo kuti ndikuuzeni ndekha.

Lachinayi kunali mwambo woonetsa chipangizo chija ku hotela ina ku Westlands. Alamu, mukanaona! Anthu ochokera m'mayiko asanu ndi awiri, masuti okhaokha. Amalawi a kutchalitchi kwathu ku Donholm tinadzaza matatu yonse, kondakitala mpaka anafunsa ngati kuli harusi, ukwati paja. Pakati pa holo anaika ngalande yagalasi, madzi akuyenda, ndevu zisanu zikugona n'kumadzuka, manambala akusintha pakhoma. Chipangizocho achitcha Mlamba. Ndinamva chisoni kuti inu munalephera kubwera. A Medson anandiuza kuti mwendo unakuvutani ndipo munakana ndege. Kodi mukupezako bwanji tsopano?

Chimene chinandiliza ndi nkhani ya malemu apongozi. Ine paja ndinalowa m'banja lanu iwo atapita kale, ndiye sindinkadziwa kuti anali munthu wa m'madzi chotero. A Medson anafotokoza mmene bambo awo ankawatengera kungalande ali kamnyamata, n'kuwaonetsa mlamba utaima pansi pa kamlatho ka thabwa, ndevu zikugona ndi kudzuka. Akuti tsiku limenelo nyemba zinapserera kunyumba chifukwa bambo anaiwala nthawi. Holo yonse inaseka, kenaka ena anapukuta misozi. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha apongozi, kumbuyo kwawo kuli bango ndi madzi. Buku lawo la manambala analiika m'kabokosi kagalasi, lakale ndithu, chikuto chinachita kuthothoka. Mzungu wina anaima pamenepo nthawi yaitali, akuti dzanja la mkuluyu linali laudongo.

Munali ndi bambo wanzeru, alamu. Mudzandiuze zambiri za iwo ndikadzabwera. Ndapatsira a Wanangwa kanga, chitenje cha kuno, ndi mafuta opaka pa mwendopo.

Ndine mlamu wanu,
Pauline

Sikimu ya Nachitimbe, Zomba
10 Disembala 2023

A Medson,

Moni. Mlamu wanga mumuthokoze chifukwa cha mafuta. Mumuuze kuti mwendo wachira mwadzidzidzi, poti sunadwalepo.

Ndikufuna mundithandize kukumbukira, mwina ukalamba wayamba. Bambo athu amene ine ndikuwadziwa anali telala. Ankakhala pakhonde la sitolo pa Jali ndi makina awo, tepi m'khosi, mapini pakamwa. Madzi ankawaopa ngati mbuzi. Tikamapita kumaliro kutsidya, amayi ankawagwira dzanja pa kamlatho, iwo atatsinzina. Mlamba sankadya n'komwe, ankati umawatulutsa ziwengo. Chithunzi chimene mwakhoma ku hotelacho ndikuchidziwa, chinajambulidwa pakhonde lomwelo. Makina awo mwawachotsa bwanji kuti pamere bango?

Bambo tinawaika mu Julayi 2008. Buku lija tsamba lake loyamba ndi la Seputembala 2010. Ndiye kuti mkuluyu ankadzuka kumanda m'mawa uliwonse kukawerenga madzi, zaka khumi ndi ziwiri, ndi dzanja laudongo. Chikuto sichinathothoke, Medson. Ndinachikutira ndi pulasitiki ya shuga n'kusoka ndi ulusi wa thumba. Chikuto chimenecho chinachita kung'ambidwa ndi munthu wodziwa dzina limene linali pamenepo.

Ngakhale nyemba zanga zopserera mwawapatsa bambo. Munthu amene sanagwirepo mphika!

Sindikubisirani, zandiwawa. Ndinawerenga kalata ya mlamu wanga nditaima pa ofesi ya a Rosina, iwo anachita kundipatsa mpando. Akanakhala mlendo wandibera, ndikanati ndi mmene dziko lilili. Koma ndinu, amene ndinakuberekani kumsanaku amayi akudwala, amene ndinkakusenzerani sutikesi kukakusiyani pa siteji. Sindinapemphe ndege. Munalonjeza nokha. Diresi lija ndalivala lero kutchalitchi kuti njenjete zisalidye pachabe, ndipo amayi a kumvano anandifunsa kuti ku Nairobi ndinyamuka liti.

Ndiyankheni funso limodzi lokha. Dzina langa linakulakwirani chiyani?

Eneles

Syokimau, Nairobi
21 Januwale 2024

Achemwali,

Moni wa chaka chatsopano. Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna kuti mtima wanu uyambe watsika. M'nyumba muno namonso simuli bwino, alamu anu atha masabata atatu akundiyankha ndi mawu amodziamodzi.

Inu zinthu za kuno simukuzidziwa, ndiloleni ndifotokoze. Pa mapepala a chipangizo chatsopano pamafunika dzina la munthu wa masatifiketi. Ndikanalemba kuti mwini nzeru ali moyo, pakanafunika maloya, kusainirana, mwinanso chaka chathunthu, ndipo othandiza pulojekiti akanapita kwina. Munthu womwalira safuna zonsezo. Ndinangotchula bambo kamodzi pa msonkhano, Mayi Carol anaikonda nkhaniyo, ndipo pofika mawa lake inali italembedwa kale paliponse. Ndikanaibweza bwanji? Ndiponso, achemwali, kodi si bambo athu tonse? Ulemu ukapita kwa iwo, wabwera pabanja. Chibale ndi fupa, sichiola.

Za mwendo ndinalakwa, pepani. Ndinasowa chowauza a Pauline.

Koma tamverani nkhani yabwino. Ndamenya nkhondo kuti malo oyamba kuyeserako Mlamba ku Malawi akhale kwanuko ku Nachitimbe. Ena ankafuna ku Karonga, ine ndinakana. Mu Meyi anyamata athu abwera kudzaika zipangizo m'ngalande zonse zinayi. Simudzayendanso m'matope m'mawa uliwonse pa msinkhu wanuwo. Iyi ndiyo mphatso yanga kwa inu, mupume.

Buku lili m'manja mwa bungwe pakadali pano, ndidzaona mmene ndingachitire.

Mlongo wanu,
Medson

Sikimu ya Nachitimbe, Zomba
16 Juni 2024

A Injiniya,

Moni. Mphatso yanu inafika, ndiye ndati ndikuuzeni mmene ndapumira.

Anyamata anu anabwera ndi galimoto yoyera. Ndi ana aulemu, sindingawanamizire. M'ngalande iliyonse anamiza ndevu zanu za pulasitiki, n'kuzitsekera m'kakhola kawaya, loko pamwamba, ndi chikwangwani choti osakhudza. Makiyi anabwerera nawo ku Lilongwe. Ndinayandikira kuti ndiwafunse kuti nanga wozisambitsa alowetsa bwanji dzanja, koma wamkulu wawo anandiyankha mokoma kuti, “Amayi, izi n'zamakono, sizifuna munthu.” Ndinabwerera m'mbuyo.

Kenaka kunali msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Mnyamata uja anawerenga papepala nkhani ya bambo ndi mlamba. Pamenepo panali anthu amene bambo anawasokera mayunifolomu a ana awo, anthu amene anawaonapo akukuwa pa kamlatho. A Greyson enieniwo suti ya ukwati wawo anasoka ndi bambo. Ndinayang'ana uku ndi uku kudikira woti atsokomole. Onse anawerama, kuyang'ana mabotolo a zakumwa amene anawagawira. Ndipo anaomba m'manja. Inu munandibaya, koma anthu awa, amene ndawagawira madzi zaka khumi ndi zinayi, anapotoza mpeniwo.

A Greyson ananyamuka n'kunena kuti komiti ikundithokoza, ndipo kuyambira tsopano manambala azibwera pa foni yawo, geti azitsegula iwo. Kiyi wa geti ndinapereka pomwepo. Anandipatsa tisheti yolembedwa Mlamba, kumsana kwake kuli nkhope ya bambo. Zikhomo zanga anazizula tsiku lomwelo. China ndinachiona dzana, amangirirapo mbuzi.

Tsono taonani chimene mwachita. Kale mayi wakumunsi akakayika, ankapita yekha pangalande n'kuwerenga ndevu ndi maso ake, ngakhale wosadziwa kulemba dzina. Lero madzi alowa m'thumba la malaya a munthu mmodzi, ndipo munthuyo minda yake ili kumtunda. Mvula chaka chino inatithawa, chimanga cha m'munda chinapsa, anthu onse maso ali pa chimanga cha mthirira. Mukudziwa tanthauzo lake.

M'mawa ndimadzukabe nthawi yomwe ija, miyendo siinamve kuti ntchito inatha. Ndimasesa pabwalo kawiri.

Eneles

Syokimau, Nairobi
13 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga,

Mwadzuka bwanji? Ndikudziwa kuti kalata yanu ya mu Juni sindinayankhe. Manyazi anandigwira. Koma lero ndagwada, ndithandizeni.

Mlamba wayamba kunama. Kuyambira pakati pa Ogasiti, manambala ochokera kwanuko akungokwera sabata ndi sabata, pamene aliyense akudziwa kuti mtsinje ukuphwa. Foni ikuonetsa kuti ngalande yakumunsi ikulandira madzi a ndevu zinayi, ndiye a Greyson akumatseka geti msanga. Koma Mayi Rosina anditumizira zithunzi za chimanga chakumunsiko, masamba atapiringizika ngati fodya. Akuti anthu ayambanso kupita kugeti ndi makasu.

Tayesa zonse. Tinatumiza mnyamata kukasintha mabatire, anabwerera tsiku lomwelo akuti magetsi ali bwinobwino. Tasintha mawerengedwe mu kompyuta katatu. Kuno m'ngalande yagalasi chipangizo chomwecho sichiphonya ngakhale pang'ono. Ndatsegula buku lanu, ndayang'ana Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala wa zaka zonse khumi ndi ziwiri, ndipo manambala anu sakwera chotere ngakhale chaka chimodzi. Ndiye kuti pali chimene munkachita chimene simunalembe. Achemwali, n'chiyani?

Pa 20 Novembala akuluakulu othandiza pulojekiti akubwera ku Nachitimbe kudzaona okha, Mayi Carol ali nawo. Akakapeza zili chonchi, pulojekiti yatha, ntchito yanga yatha, ndipo chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chimayendera ntchitoyo. Ana ali pakati pa sukulu. Mayi Carol dzulo anandifunsa kuti, bambo ako sanakuuzepo chilichonse za nyengo yotentha? Ndinangoti ndikumbukira.

Zina zonse tidzakambirana, ndikulonjeza. Buku ndidzabweza, za dzina lanu tidzaona chochita. Koma panopa ndiyankheni msanga, ngakhale mzere umodzi. Mayi Rosina akhoza kukubwerekani foni.

Ndine mlongo wanu, mwana wa mayi anu,
Medson

Sikimu ya Nachitimbe, Zomba
27 Okutobala 2024

A Medson,

Moni kwa inu, kwa mlamu wanga Pauline ndi ana. Kalata yanu inafika msanga, sindinadziwe kuti makalata a ku Nairobi amathanso kuthamanga chonchi. Zoonadi wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Poyamba ndikuchotseni nkhawa ya chimanga, ngati inalipo. Masabata awiri apitawo amayi asanu ndi awiri akumunsi anabwera pakhomo panga m'mamawa. Anakhala pansi, kenaka wamkulu wawo anati, “A Eneles, tinaomba nawo m'manja tsiku lija. Tabwera kuti mutitukwane, mukatha mutisemere zikhomo.” Ndinawatukwana ndithu, sindinawasiyire. Kenaka tinapita kukadula mlaza.

Zikhomo zinayi zaima pambali pa makhola anu, sitinakhudze loko ngakhale mmodzi. Tsiku loyamba tinaitana sikimu yonse pangalande yakumunsi. Foni ya a Greyson inkati ndevu zinayi. Pa mlaza panagona kamzere kamodzi kokha, kowonda kaja, ndipo pansi pa ngalande pankaoneka miyala. A Greyson anayang'ana foni, anayang'ana madzi, anayang'ana makasu amene anthu anatsamira, n'kutulutsa kiyi wa geti osapemphedwa kawiri. Chimanga china chinapita, sichidzabwerera, ndipo mabanja anayi alowa m'nyengo ya njala opanda kanthu. Chotsalacho chadzuka. Foni ija ikumalirabe m'thumba mwawo m'mawa uliwonse, palibe amene amaifunsa.

Ndiye anthu a kuno sakudikira yankho langa, ali nalo kale. Amene mukulidikira ndinu nokha.

Ndinasuzumira m'khola lanu lina sabata yoyamba ya Ogasiti, ndipo matenda ake ndinawaona ndisanawerame n'komwe. Mnyamata wanu wa mabatire akanangoyang'ana pansi pa madzi akanawaona, koma anauzidwa kuti ayang'ane mawaya. Inunso ndinakuuzani kale, ndi dzanja langa, m'kalata yoyambirira, musanandibere kalikonse. Munati mudzawerenga mukapeza mpata. Ngati kalatayo inapita kumene kunapita chikuto cha buku langa, limenelo si vuto langa.

Mwandipempha mzere umodzi. Ndaganiza masiku atatu, ndapempheranso, chifukwa ana anuwo ndi anga ndipo sanandilakwire. Koma Medson, ngakhale m'kalata yogwadayi mukuti za dzina langa tidzaona chochita. Simunatibe mudzaima pamaso pa Mayi Carol n'kunena kuti ndinanama. Mukufuna ndikunong'onezeni kuseri, inu mukanene pa 20 Novembala kuti mwakumbukira zimene bambo anakuuzani. Ndakhala kale mzukwa wolemba buku, sindikhalanso mzukwa wonong'oneza.

Pa tsikulo ine ndidzakhala pangalande yakumunsi kuyambira m'mawa, monga mwa masiku onse, nditavala diresi lija. Mlendo aliyense amene adzandifunse kuti ndine yani ndipo ndikuchita chiyani, ndidzamuyankha. Mukafuna, mudzayambe ndinu kuwauza. Mukapanda kutero, adzamva kwa amayi akumunsi, ndipo iwo safotokoza mwaulemu ngati ine.

A Wanangwa anyamuka Lachitatu, ndawapatsa kaphukusi kanu. Musadabwe kupepuka kwake, muli chitsononkho chimodzi. N'chimene ndagwiritsa ntchito sabata ino, ndiye chikadali chobiriwira kumapeto. Poti nzeru zonsezi mukuti n'za bambo, mukatsika ndege mudzayambe mwadzera kumanda, mukawafunse ntchito yake. Ali pomwe paja tinawasiya, pafupi ndi mtengo wa mthethe. Ndinalambulapo mwezi watha, simudzasochera. Kungoti mudzazungulire njira ya kumsewu, paja njira yachidule ili ndi kamlatho, ndipo mkuluyo sankafuna n'komwe kumva za madzi.

Ndine,
Eneles, wogawa madzi pa Nachitimbe